Agent yanu ikutenga chida cholakwika? Yesani malongosoledwe motere

Mmodzi mwa owerenga, yemwe amalemba mapulogalamu a kompyuta, wanditumizira imelo. Akuti anapanga AI agent (pulogalamu ya AI yomwe imasankha yokha zochita kuti igwire ntchito) yothandiza makasitomala n'kuipatsa zida zingapo (timapulogalamu tomwe agent ingaitane kuti tichite ntchito inayake), koma kawirikawiri ikumatenga chida cholakwika. Funso lawo ndi ili: "Malongosoledwe a zidazo ndinalemba ndekha, ndipo kwa ine akumveka bwino. Ndingawayese bwanji kuti ndidziwe ngati alidi abwino?"

Zikomo polemba. Koma kumveka bwino kwa inu si umboni ayi, chifukwa inu mukudziwa zomwe zili m'kati mwa pulogalamuyo, pamene modelo, yomwe ndi AI yoyendetsa agent yanu, sikudziwa. Kuyambira pomwe OpenAI inabweretsa function calling (njira yoti modelo iziitana zida) mu Juni 2023, mpaka Anthropic itatulutsa Model Context Protocol (MCP, njira yolumikizira zida ku modelo) mu Novembala 2024, kachitidwe kake nkofanana: modelo imapatsidwa dzina la chida, mawu ochilongosola, ndi JSON Schema, ndondomeko yosonyeza zoyenera kulowetsa. Basi. Zomwe simunalembe pamenepo, modelo imangoganizira. Zili ngati munthu waganyu amene wabwera lero, mwamusiyira kakalata, inu n'kuchokapo.

Tiyerekeze kuti muli ndi search_orders ndi get_order, ndipo zonse mwazilongosola kuti "chimapeza oda". Kwa inu kusiyana kwake nkoonekeratu: china chimafufuza ndi dzina la kasitomala, china chimafuna nambala ya oda. Nanga modelo idziwa bwanji? Malongosoledwe abwino amanena chomwe chida chimachita, nthawi yochigwiritsa ntchito, nthawi yosachigwiritsa ntchito, ndi zomwe chimabweza. Mbali yachitatuyo ndi imene ambiri amaiwala. Zolowetsa nazo zimavuta. Mukalemba "user", mukutanthauza dzina, imelo, kapena nambala? Lembani user_id ngati ndi nambala. Deti la 03/04/2025 ena amaliwerenga kuti 3 Epulo, ena 4 Malichi, choncho nenani kuti mukufuna kalembedwe ka ISO 8601, monga 2025-04-03. Ngati mayankho ololedwa ndi ochepa, aikeni mu enum (mndandanda wa mayankho ololedwa okhawo), musasiye modelo kuti ipeke yokha.

Komabe zonsezi nkuwerenga chabe. Kuyesa kwenikweni nkuona zomwe agent ikuchita.

Sonkhanitsani mafunso ofanana ndi omwe makasitomala amafunsadi, mwina 30 kapena 50, ndipo pa lililonse lembani chida chomwe chikuyenera kuitanidwa ndi zolowetsa zake. Musangolemba osavuta. Muikemo mafunso olembedwa mosokonekera, ofuna zida ziwiri motsatizana, ndi ena omwe sakufuna chida chilichonse. Muikemonso pempho losakwanira, monga "letsani oda yanga" popanda nambala. Apa agent yabwino imafunsa kaye. Ikapeka nambala, ndiye kuti malongosoledwe anu sanaiuze zochita chidziwitso chikasowa. Funso lililonse liyeseni kangapo, poti modelo siyankha chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo kupambana kamodzi kukhoza kukhala mwayi.

Muziwerengera zinthu zingapo: kangati yasankha chida choyenera, kangati zolowetsa zalondola, yaitana zida kangati isanamalize ntchito, ndi ma token (tizidutswa ta mawu tomwe modelo imawerenga ndi kulemba) angati apita. Koma manambala amangokuuzani kuti pali vuto, sakuuzani pomwe lili. Khalani pansi muwerenge zokambirana zonse za mayeso omwe alephera, mzere ndi mzere. Ndi ntchito yotopetsa, ndikudziwa, koma ndi mmene mudzaonere kuti agent inaitana chida chimodzi kasanu chifukwa uthenga wa vuto umangoti "Error 400" osanena cholakwika. Mauthenga oterewa ndimawaona ngati gawo la malongosoledwe, chifukwa modelo imawawerenga n'kusankha chochita. Uthenga woti "deti likhale ngati 2025-04-03" umaiwongolera nthawi yomweyo.

Mukamakonza, sinthani chinthu chimodzi n'kuyesanso. Sunganinso mafunso ena pambali omwe simuwayang'ana pokonza, kuopa kuti malongosoledwe angazolowere mafunso anuwo n'kudzalephera kwa makasitomala enieni.

Ena amapempha modelo ina kuti igamule ndi kupereka malikisi. Zimathandiza kupeza zomwe zasowa, monga cholowetsa chosalongosoledwa. Ine sindizidalira kwambiri, chifukwa wogamula wotere amakopeka ndi mawu ambiri osalala, pamene funso lathu ndi loti ntchito ikugwirika kapena ayi. Berkeley Function Calling Leaderboard, mndandanda wosonyeza luso la ma modelo poitana zida, nayo ndi yabwino poyerekeza ma modelo, koma siyesa zida zanu.

Za kutalika: chiganizo chimodzi sichikwanira, ndipo malangizo a Anthropic amati ziganizo zitatu kapena zinayi ndi poyambira. Koma kumbukirani kuti mwa nthawi zonse malongosoledwe a zida zonse amapita kwa modelo pa pempho lililonse, ndiye amadya malo ndi ndalama. Ngati zida ziwiri zikukuvutani kuzisiyanitsa m'mawu, mwina vuto si mawuwo. Ziphatikizeni, kapena chotsani chimodzi.

Ngati mukugwiritsanso ntchito zida za MCP zolembedwa ndi anthu ena, werengani malongosoledwe ake onse musanazilumikize. Mu Epulo 2025 kampani ya Invariant Labs inasonyeza kuti munthu angabise malamulo oipa m'malongosoledwe, modelo n'kuwatsatira wogwiritsa ntchito osaona chilichonse. Iwo anazitcha tool poisoning. Ndipo tsiku lomwe mudzasinthe modelo kapena kuwonjezera chida chatsopano, yendetsaninso mayeso onse kuyambira pachiyambi, chifukwa chida chatsopanocho chikhoza kuyamba kulanda mafunso omwe ankapita kwa chakale.