Musanafunse za boma, m'zipinda ziwirizo mukugona ndani?

"Ndili ndi resitihausi ya zipinda 8 pa Dyeratu ku Chikwawa. Chidutsire Covid-19 alendo sanabwerere ngati kale. Zipinda ziwiri mukugona ana a achimwene anga, nyumba yawo inagwa ndi Freddy. Ndikumva kuti boma likuthandiza a zokopa alendo. Ndikalembetse kuti?" Watero mayi wina wa pa Dyeratu.

Mayi, za boma ndiyankha mwachidule. Thandizo lake silibwera ngati ndalama ya m'manja. Mabwalo a ndege atatsekedwa mu 2020 anatsegulidwanso chaka chomwecho, ndipo mu 2024 boma linachotsa viza kwa nzika za mayiko 79. Mlendo wochokera kunjayo amatera pa Chileka, n'kutsetsereka mpaka pa Thabwa, n'kuwoloka Shire pa Kamuzu Bridge, pakhomo panu n'kungosiyapo fumbi akuthamangira mikango ya ku Majete. Wanu ndi dalaivala wake, ogula thonje, a malole a shuga wa ku Nchalo ndi a mabungwe. Ndalama za thumba la boma lothandiza mabizinesi nazo ndi ngongole, zimabwezedwa.

Chandiimitsa ine ndi zipinda ziwirizo. Freddy anabwera mu Malichi 2023. Kuwalandira anawo munachita bwino, nanga akanagona pamtetete? Koma munapangana kuti atuluka liti? Ndikudziwa kuti ayi, palibe amene amapangana.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tinene kuti chipinda ndi K15,000 usiku umodzi, ndipo chimagonedwa masiku 10 okha pamwezi. Ziwiri ndi K300,000. Pachaka ndi ndalama yoposa K3 miliyoni, osawerengera madzi, sopo, ndi fani yozungulira usiku wonse m'kutentha kwa ku Chigwa kuno. Ndiye inu mukufuna mukaime pamzere wa ngongole ya theka la ndalamayo, chiwongoladzanja pamwamba? Mwinanso achimwenewo m'maso mwawo zipindazo n'zongokhala, chifukwa simunawaonetsepo chiwerengero chilichonse.

Simungawaonetse ngati kaundula mulibe, ndipo kalata yanu sinatchule kuti mwezi watha munagona anthu angati. "Alendo achepa" si nambala. Wobwereketsa aliyense wolongosoka adzafuna kuona buku, laisensi ndi akaunti ya bizinesi. Amene safunsa zimenezi ndi wakatapila yekha, ndipo ameneyo diso lake lili pa matiresi anu.

Gulani kope la chikuto cholimba sabata ino. Tsiku, chipinda, dzina, ndalama. Ana a achimwenewo alembeninso usiku uliwonse, pa ndalama muziika 0. Pakatha miyezi itatu itanani achimwene, muwaphikire nsima ya chambo, kope lili patebulo. Muwauze kuti mulipira lendi ya kanyumba pa Boma kwa miyezi isanu ndi umodzi, kenako aone okha. Kanyumbako sikangafike K300,000 pamwezi.

Kope likadzaza mundilemberenso, tidzakambe za fomu.