Tanthauzo la 80 peresenti pa katemera

Mayi, mwafunsa ngati mawu akuti katemera amateteza ndi 80 peresenti akutanthauza kuti ana 20 mwa 100 alionse obayidwa adzadwalabe. Ayi, nambalayi siwerengedwa choncho, koma imapezeka poyerekeza magulu awiri, olandira katemerayo ndi osalandira, ndipo chitsanzo chake tili nacho konkuno.

Mu 2018, ofufuza anayesa katemera wa tayifodi pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre, a miyezi 9 mpaka zaka 12. Anawagawa pawiri mwa maere. Theka linabayidwa katemera wa tayifodi, theka linalo wa matenda oumitsa khosi, kuti pasakhale mwana wobwerera chimanjamanja. Makolo pamodzi ndi achipatala oona anawo akadwala sankadziwa kuti mwana uyu ali gulu liti, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa munthu wodziwa kuti mwana anatetezedwa akhoza kupeputsa kutentha thupi kwake, zotsatira n'kupotoka popanda wina kunama.

Mwana akabwera kuchipatala thupi litatentha, ankamutenga magazi n'kukawasunga mu labotale kuti aone ngati tizilombo ta tayifodi tichulukanemo. Zizindikiro zokha sizikanakwanira, pakuti malungo nawonso amayamba chimodzimodzi.

Zotsatira zimene zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti m'gulu losalandira katemera wa tayifodi munadwala ana 62, pamene m'gulu lolandira munadwala 12. Popeza maguluwo anali ofanana kukula, tinganene kuti pakanapanda katemera, gulu lachiwirili nalonso likanakhala ndi odwala pafupifupi 62. Ndiye kuti ana 50 anapewa matendawa, ndipo 50 mwa 62 ndiye 80 peresenti ija. Taonani kuti odwala 12 aja anachokera mwa ana pafupifupi 14,000, kutalitali ndi 20 mwa 100 amene mumaopa. N'chifukwa chakenso kafukufuku wotere amafuna anthu ochuluka chonchi: pa ana mazana ochepa, mwina sipakanapezeka wodwala n'komwe woti awerengedwe.

Komabe, nambala ya kafukufuku ndi ya pamalo pamene zonse zikuyenda bwino. Katemera akayamba kuperekedwa ku sikelo, nthawi zina magetsi amathima firiji n'kutentha, kapena kholo silibweretsanso mwana kudzabayitsa kachiwiri, choncho ofufuza amayezanso kachikena. Umu ndi mmene zinayendera ndi katemera wa malungo, amene anayamba kuperekedwa m'madera ena a Malawi, Ghana ndi Kenya mu 2019. Poyerekeza madera olandira ndi amene anali asanayambe, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 peresenti. Nambala imeneyi musaiyerekeze ndi 80 ija, chifukwa iyi ikuwerenga imfa zobwera ndi matenda osiyanasiyana m'dera lonse, kuphatikizapo za ana amene sanabayitsidwe.