Randy Moss analowa kale mu Hall of Fame mu 2018, nanga ya 2024 ndi iti?

Achimwene, mwafunsa kuti zikutheka bwanji Randy Moss, katswiri wakale wa mpira wa ku America, kulowanso mu Hall of Fame (malo olemekezera akatswiri opambana) mu 2024 pomwe analowa kale mu 2018, komanso kuti sukulu ya Marshall yomwe ikutchulidwayo ndi iti. Ma Hall of Fame akuluakulu a mpira wa ku America alipo awiri. Ya 2018 ija ili ku Canton, m'boma la Ohio, ndipo imalemekeza zomwe munthu anachita mu NFL, ligi ya akatswiri olipidwa. Ya 2024 ndi College Football Hall of Fame, yomwe nyumba yake ili ku Atlanta, ndipo mwini wake ndi bungwe la National Football Foundation. Iyi imangoyang'ana zomwe munthu anachita akusewerera sukulu ya ukachenjede. Zigoli zonse zomwe Moss anamwetsa ku Minnesota Vikings ndi ku New England Patriots siziwerengedwa kumeneko. Analowa chifukwa cha zaka ziwiri zokha, 1996 ndi 1997, ndipo ine ndimaona kuti zaka ziwirizo zinali zokwanira kalekale.

Moss anakulira ku Rand, kadera kakang'ono ka ku West Virginia. Ku sekondale ya DuPont ankasewera mpira uwu komanso basketball, limodzi ndi Jason Williams amene pambuyo pake anakasewera mu NBA, ligi yaikulu ya basketball. Mu 1995 anasaina kuti akasewerere Notre Dame, imodzi mwa sukulu zotchuka kwambiri pa mpirawu. Chaka chomwecho anapezeka m'ndewu ya kusukulu, nkhani inakafika kukhoti, ndipo Notre Dame inamukana. Mphunzitsi wa Notre Dame, Lou Holtz, anamulankhulira kwa Bobby Bowden wa ku Florida State, ndipo anamutenga koma pa mgwirizano woti chaka choyamba asasewere. Mu 1996, akugwira chilango cha mlandu wa ndewu uja, anamuyeza n'kumupeza kuti wasuta chamba. Florida State nayo inamuchotsa asanasewere ngakhale gemu imodzi.

Apa ndi pomwe Marshall ikubwera. Ili mu mzinda wa Huntington, ku West Virginia komweko, kufupi ndi kwawo. Ambiri amaidziwa chifukwa cha ngozi ya ndege ya 1970 yomwe inapha anthu 75, pafupifupi timu yonse ndi aphunzitsi ake. Mu 1996 timuyi inkasewera mu Division I-AA, gawo lachiwiri la mpira wa m'makoleji. Malamulo a nthawi imeneyo ankati wosewera akasamukira ku sukulu ina ya gawo lapamwamba azikhala chaka osasewera, koma akatsikira ku I-AA azisewera nthawi yomweyo. Moss anali atataya kale chaka chimodzi, ndiye anatsika.

Kwa omwe mpirawu simuutsata kwambiri: Moss anali wide receiver, wothamangira kutsogolo kukawakha mpira womwe quarterback (woponya wa timu) waponya. Akauwakha kapena kuthamanga nawo mpaka kudutsa mzere wa kumapeto, imeneyo ndi touchdown, mapointi 6. Bwalo lake ndi la mayadi 100, pafupifupi mamita 91.

Mu 1996, pansi pa mphunzitsi Bob Pruett, ndi Eric Kresser akumuponyera, Moss anawakha mipira 78, mayadi 1,709, ma touchdown 28. Chiwerengero cha 28 chinafanana ndi cha Jerry Rice cha 1984 ku Mississippi Valley State. Marshall inapambana magemu onse 15 n'kutenga chikho cha I-AA, ndipo mu fainolo inakwapula Montana 49-29, Moss yekha akugoletsa ma touchdown anayi.

Mutha kunena kuti ankasewera ndi ana, ndipo ambiri ananena zomwezo. Mnyamata wamtali pafupifupi mamita 1.93, wothamanga ngati wa mpikisano wa liwiro, womufunafuna Notre Dame ndi Florida State, kumuika mu gawo lachiwiri, zinali zodziwikiratu kuti awazunza. N'chifukwa chake chaka chofunika kwambiri pa mbiri yake ndi 1997. Marshall inakwera kupita mu Division I-A, gawo lapamwamba, mu Mid-American Conference (konferensi ndi gulu la sukulu zopikisana pa chikho chimodzi), Kresser atachoka, Chad Pennington n'kuyamba kumuponyera Moss. Matimu onse anali atamuona kale Moss, ankamuikira anthu awiri omulondera, koma anawakha mipira 96, mayadi 1,820, ma touchdown 26. Marshall inatenga chikho cha konferensiyo chaka chake choyamba pogonjetsa Toledo. Mu Motor City Bowl, gemu yapadera ya kumapeto kwa sizoni, inakumana ndi Ole Miss, timu ya mu SEC, konferensi yomwe ambiri amaitenga kuti ndi yolimba koposa. Marshall inagonja 34-31, koma mpira woyamba womwe inaponya Moss anauwakha n'kuthamanga nawo mayadi 80 mpaka touchdown.

Chiwerengero chomwe chimandizunguza mutu ine si mayadi ayi. Moss anasewerera Marshall magemu 28, ndipo palibe gemu ngakhale imodzi yomwe anatuluka opanda touchdown. Ma touchdown owakha onse pamodzi analipo 54. Receiver sadziponyera yekha mpira. Amadalira woponya, amadalira omuteteza woponyayo, amadaliranso kuti mphunzitsi asankhe kuponya m'malo mothamanga nawo. Pali masiku a mvula, masiku omwe timu yatsogola kwambiri n'kupumitsa akatswiri ake, masiku omwe adani aganiza zongotseka munthu mmodzi basi. Kudutsa zonsezi magemu 28 osaphonya ndi chinthu chomwe sindingachifotokoze ndi kufooka kwa adani kokha. Mukapeza mpata fufuzani pa YouTube gemu ya Army ya 1997: anawakha kampira kaafupi pafupi ndi mzere wa timu yake, analumpha munthu amene ankafuna kumugwetsa, wina anamukankha ndi mkono, n'kumaliza mayadi 90.

Chaka chimenecho anapata Biletnikoff Award, mphotho ya receiver wopambana onse m'makoleji, anasankhidwa kukhala All-American (kulowa m'timu ya osewera opambana a m'makoleji a dziko lonse), ndipo pa mavoti a Heisman Trophy, mphotho ya wosewera wopambana onse, anathera pa nambala 4, pambuyo pa Charles Woodson wa Michigan, Peyton Manning wa Tennessee ndi Ryan Leaf wa Washington State. Woodson ndi Manning sindikutsutsa. Koma Leaf kukhala pamwamba pa Moss, pamenepo ndimaona kuti dzina la konferensi linavota nawo.

Tsono n'chifukwa chiyani anadikira mpaka 2024? Malamulo a Hall ya makoleji ndi okhwima kuposa momwe ambiri amaganizira. Munthu ayenera kuti anasankhidwapo mu timu yoyamba ya All-America, papite zaka 10 chisewerereni gemu yomaliza ya ku koleji, ndipo akhale atasiya mpira wolipidwa. Moss anasiya NFL itatha sizoni ya 2012, ndiye khomo linatseguka pambuyo pa nthawi imeneyo. Bungweli limanenanso poyera kuti limayang'ana khalidwe la munthu ngati nzika, osati za pabwalo zokha. Onjezani kuti sukulu zosewera mpirawu zilipo mazanamazana pomwe chaka chilichonse amatenga osewera osapitirira 20, muona kuti mzere wake ndi wautali. Maganizo anga ndi oti sukulu yaing'ono komanso mbiri ya 1995 ndi 1996 zinamuchedwetsa. Zoti anasewera zaka ziwiri zokha si chifukwa, poti Larry Fitzgerald, amene analowa naye limodzi mu 2024, nayenso anasewerera Pittsburgh zaka ziwiri zokha, 2002 ndi 2003. Mwambo wowalowetsa unachitikira ku Las Vegas mu December 2024, mwezi womwewo Moss analengeza kuti wachitidwa opaleshoni ya khansa.

Mbiri yoipa ija inamutsatanso pa draft ya NFL ya 1998, pomwe matimu amasankha osewera ochokera m'makoleji motsatana. Matimu ambiri anamulambalala mpaka Minnesota inamutenga pa nambala 21. Dallas Cowboys, yomwe iye ankayembekezera kuti imutenga pa nambala 8, inasankha Greg Ellis. Pa tsiku la tchuthi cha Thanksgiving chaka chomwecho Vikings inapita ku Dallas, Moss anawakha mipira itatu yokha, mayadi 163, yonse itatu ma touchdown. Anamaliza sizoni yake yoyamba ndi ma touchdown 17, ndipo mu 2007 ali ndi quarterback Tom Brady ku New England anafika pa 23. Koma izi ndiye za ku Canton, zija munaziona kale mu 2018.