Yankho la amalume pa funso la ethics

Moni nonse a m'gulu muno. Mphwanga, funso lako lija ndalimva, loti ethics n'chiyani ndipo ulembe zotani pa ntchito yakusukuluyo. Ndingojambula mawu, kulemba kundichedwetsa.

Ethics inachokera ku mawu achigiriki akuti ethos, kutanthauza khalidwe kapena chizolowezi. Moral inachokera ku mawu achilatini akuti mores, tanthauzo lake n'lofanana. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amati ethics ndi moral philosophy n'chimodzimodzi. Koma apa tchera khutu. Ethics si mndandanda wa miyambo ayi. Ukalemba kuti kwathu mwana amalandira chinthu ndi manja awiri, wangonena zimene anthu amachita. Ethics imafunsa kuti zimenezo n'zoyeneradi, nanga chifukwa chiyani? Ana ambiri amagwera pamenepa, chonsecho katswiri wa filosofi David Hume anachenjeza kalekale kuti zimene zikuchitika si umboni wa zimene ziyenera kuchitika.

Magawo ake ndi atatu. Metaethics imafufuza tanthauzo la mawu oti chabwino. Applied ethics imagwira nkhani zenizeni, monga zakuchipatala ndi zamalonda. Koma pagona nkhani ndi pa normative ethics, imene imafunsa kuti tizichita chiyani ndipo chifukwa chiyani.

Tione zimene akatswiri atatu a filosofi anganene. Tiyerekeze wakwera kombi (minibasi) pa siteshoni ya Copacabana ku Harare, wapereka $5, kondakitala m'piringupiringu muja wakubwezera chenje ngati unapereka $10. John Stuart Mill, wa buku la Utilitarianism la 1863, angawerenge zotsatira: iwe wapindula pang'ono, koma madzulo mwini kombi amudula malipiro mnyamatayo. Immanuel Kant, m'buku lake la 1785, alibe nazo ntchito zotsatira. Iye angafunse ngati ungalole kuti aliyense wolandira chenje chopitirira azingokhala chete. Aristotle angayang'ane iweyo, kuti ukusanduka munthu wotani, poti khalidwe limakula ndi chizolowezi. Onse atatu akuti bweza, koma zifukwa n'zosiyana, ndipo mamalikisi ali pa zifukwazo.

Uonetsenso pamene aliyense amapunthwa. Njira ya Mill ingalole kupondereza mmodzi kuti ambiri akondwe. Kant anakaniratu bodza, ngakhale lonamiza chigawenga chimene chikufunafuna mnzako. Pamenepa ine sindigwirizana naye.

Umunthu wathu usausiye. Anzathu Achishona amati hunhu, ndipo wolemba mabuku wa ku Zimbabwe Stanlake Samkange ndi mkazi wake analemba buku la nkhaniyi mu 1980. Koma usangoponya mwambi wa kali kokha n'kanyama n'kuthawa. Ubwerere nawo mu kombi muja, unene chimene umunthu ukufuna kuti umuchitire kondakitalayo. Ukalemba unditumizire Lachinayi lisanafike.