Kodi ku Antarctica kuli midzi?

Mphunzitsi wina wa ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, wafunsa kuti: "Pophunzitsa za Antarctica, dera la kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, ndinauza ana kuti anthu kumeneko amakhala m'timidzi. Mnzanga akuti ndinalakwitsa. Nanga madzi olimba gwa amene akuta deralo ndingawatche chisanu?"

Aphunzitsi, mnzanuyo akunena zoona. Mudzi si nyumba zokha ayi. Mudzi umakhala ndi nyakwawa, minda, manda, ndiponso anthu amene mchombo wawo unagwera pomwepo. Ku Antarctica kulibe mudzi wotere. Pangano la mu 1959, limene anasainirana mayiko 12 kuphatikizapo South Africa, linati deralo likhale la mtendere ndi kafukufuku. Ambiri amene amakakhalako ndi akatswiri a sayansi ndi owathandiza, ophika, amakaniko, madokotala, ndipo akatha miyezi ingapo kapena chaka amabwerera kwawo.

Mawu oyenera ndi akuti msasa, ndipo ana anu amawadziwa bwino zedi. Madzi atasefukira chifukwa cha namondwe wa Freddy mu 2023, mabanja ambiri a ku Nsanje ndi Chikwawa anagona ndi kuphikira m'misasa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ankati kwathu n'kumsasa. Choncho nenani kuti msasa wa SANAE IV wa South Africa, msasa wa McMurdo wa America. Ngakhale Esperanza wa Argentina, pomwe panabadwa mwana mu 1978, ineyo ndimautchulabe msasa. Mawu oti "amakhala" alibe vuto malinga muwonjezere "kwa kanthawi". Koma oti "nzika" kapena "eni nthaka" asakutulukeni m'kamwa.

Zokhazikika kumeneko ndi nyama, monga mbalame zosauluka zotchedwa penguin. Dzinali musavutike kulipekera la Chichewa, koma yambani ndi "mbalame" kuti chiganizo chigwirizane: mbalame ya penguin yaimuna, osati wamwamuna. Ana akakondwa kumva za mtundu waukulu wa emperor. Yaikazi ikaikira dzira limodzi imapita kunyanja kukadya, yaimuna n'kutsala italinyamula pamapazi, italifunditsa ndi khungu la pamimba, miyezi iwiri yathunthu mumdima wa nyengo yozizira, osalawa kanthu.

Za chisanu, ambiri timasokoneza chifukwa kuno kuchigwa tinazolowera kutentha. Chisanu ndi kuzizira kumene munthu amamva m'thupi, kwa m'mamawa mu Juni. Madzi olimba aja ndi madzi oundana, kapena ayezi monga amanenera ogulitsa zoziziritsa kukhosi pa Nchalo. Zoyera zofewa zogwa kuchokera kumwamba ndi chipale chofewa, osati matalala, poti matalala ndi olimba ndipo amagwa ndi mvula. Mukafuna kutchula chisanu molondola, auzeni anawo kuti pa msasa wa Vostok, mu Julayi 1983, kunazizira mpaka madigiri 89.2 pansi pa ziro.