Kufufuta cache si kosi ya IT, mphwanga

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa ku Area 25, ndipo zoterezi zimabwera pafupipafupi moti mzere woyamba wokha ndinadziwa kale kumene ikulowera. Akuti: "Ankolo, ndinalemba MSCE, ndinapeza mapointi 26, ku yunivesite ya boma sananditenge. Panopa anthu kwathu kuno amandibweretsera mafoni ndi malaputopu intaneti ikamachedwa, ndimalowa mu settings za Chrome nkukonza, mpaka amangonditchula kuti a IT. Madala akufuna ndikapange unamwino, akuti za makompyuta ndi zachibwana. Ine ndikuona ngati sukulu ingondichedwetsa, bola ndingotsegula kashopu. Ndipange bwanji?"

Mphwanga, tiyambe ndi zomwe umadinazo chifukwa ndikukayika ngati umadziwa chimene chimachitika mkatimo. Ndikudziwa kuti umayamba ndi kufufuta cache, nonse mumayambira pomwepo. Koma cache ndi momwe browser imasungamo zithunzi ndi tizidutswa ta tsamba lomwe munthu analowapo kale kuti mawa isakazitengenso kutali, nde ukafufuta, ulendo wotsatira tsambalo limachedwa kuposa kale nkudyanso bandulo ya mwini wake. Zimathandiza pokhapokha foni yadzadza kapena tsamba lakakamira kuonetsa zakale. Preload pages ija imaoneka yachangu eya, chifukwa Chrome imayamba kukoka masamba omwe ikuganiza kuti munthu adina, koma ikukoka ndi ma MB a ndani? Mayi wagula bandulo ya tsiku ya Airtel kaya TNM, pofika masana yatha, iwe uli phee kwanu ukudzitama kuti wakonza. Lite mode ija inkachepetsa masamba Google inaichotsa mu 2022, usavutike kuifuna. Opera Mini ndi imene imapangabe zimenezo, imadutsitsa tsamba pa ma server ake nkulipanikiza, koma usamalembetsere munthu sukulu pamenepo, mafomu ena amasokonekera. Pa laputopu zomwe zimagwiradi ntchito ndi kuchotsa ma extension, timapulogalamu towonjezera pa browser tija anthu amangoika osadziwa, kutseka ma tab, ndi kuyatsa Memory Saver makamaka ngati RAM yake ndi 4GB. Kusintha DNS kupita ku 1.1.1.1 ya Cloudflare kapena 8.8.8.8 ya Google kumangofulumizitsa kupeza adiresi ya tsambalo, netiweki yokha imakhala yomweyo. Ma app a booster aja ingowachotsa, ntchito yake ndi kukuonetsa malonda basi.

Zonsezi mwana wa fomu 2 aziphunzira madzulo amodzi pa YouTube. Kashopu kakoko kadzatha tsiku lomwe makasitomala adzatulukire kuti angathe okha, ndipo satenga nthawi.

Nthawi zambiri vuto silikhala mu browser nkomwe. Madzulo anthu akaweruka Area 25 yonse ikulimbirana matawala omwewo, foni yagwera pa 3G, kwina magetsi azima, komanso dziko lathuli silinagunde nyanja yamchere nde intaneti yathu imayenda pa fibre kudutsa ku Tanzania ndi Mozambique isanalowe mu zingwe za pansi pa nyanja, pomwe server ya tsambalo mwina ili ku Johannesburg kapena London. Munthu amene angakhale pansi nkunena kuti apa pachedwa ndi pa router (kabokosi kogawa intaneti kaja), apa ndi waya, apa ndi kunja sitingachitepo kanthu, ameneyo ndi amene mabanki a ku City Centre ndi maofesi a ku Capital Hill amamufuna. Imeneyo ndi networking ndipo ndi kumene ndikukukankhira.

Ndi mapointi akowo khomo silinatsekeke. Makoleji a pansi pa TEVETA ngati Lilongwe Technical College ali ndi ICT, NACIT, koleji yophunzitsa za makompyuta, ilinso mu Lilongwe momwemuno, suchita kufuna ndalama ya basi yopita ku Blantyre. Ukudikira kuti atsegule zolembetsa, lowa pa Cisco Networking Academy, sukulu ya pa intaneti yophunzitsa networking, makosi oyambira ndi aulere, ndipo pali pulogalamu yawo Packet Tracer yomwe umamanga nayo netiweki yonse pa laputopu, ma switch ndi ma router, popanda kugula chipangizo ngakhale chimodzi. Mayeso a CCNA, setifiketi ya Cisco ya networking, amalipiridwa mu madola ndipo si otchipa, amenewo ndi a mtsogolo, usayambe kudandaula nawo lero. Chomwe chandikayikitsa nchakuti sunandiuze masamu unapeza bwanji. Ana ambiri okonda makompyuta amabisa pamenepo. Subnetting, kugawa netiweki m'tizigawo, ndi masamu, sungaithawe, ndipo ngati ukulotabe digiri ku MUBAS, MUST kaya Mzuni koma masamu alibe credit, kalembenso ku MANEB, osamangokhala pa khonde kudikira foni ya neba ichedwe.

Tsopano inu bambo, poti ndikudziwa kuti kalatayi muiwerenga. Unamwino si nkhokwe yoponyamo mwana aliyense amene sanasankhidwe ku yunivesite. Umafuna ma credit a sayansi, umafuna mtima wopirira magazi ndi mashifiti a usiku, ndipo mukudziwa nokha kuti alipo anamwino omaliza maphunziro amene akudikirabe kulembedwa ntchito. Mukamukakamiza mulipira fizi zaka zitatu kuti mudzapeze namwino wokalipira odwala, amenewo tatopa nawo. Mukuti makompyuta ndi zachibwana, koma ndalama mumatumiza pa Mpamba ndi Airtel Money, mukuganiza kuti ikagwa netiweki amaidzutsa ndi ndani? Mufunseni mwanayo kuti akuonetseni kosi, fizi yake ndi tsiku lotsekera kulembetsa, akalephera pamenepo nde mukhoza kukalipa.

Iwe mphwanga chidwi uli nacho, chimenecho sindikukana, anzako ambiri foni amaidziwira pa TikTok pokha. Mafoni a anthuwo uzikonzabe, kangachepe ukupezako kazigulira bandulo yophunzirira. Usanandilemberenso, tsegula Command Prompt, kawindo kolembamo malamulo mu Windows, pa laputopu, lemba tracert google.com, uone malo onse amene uthenga wako ukudutsa usanafike, nde udzandiuze kuti wachedwa pa mzere uti komanso chifukwa chake. Udzanditumizirenso giredi ya masamu ija.