Mawu akuti "remastered" pachikuto asakukopeni

Mchimwene wina wa ku Kabwata, kuno ku Lusaka, wandilembera imelo. Mlongo wawo akubwera kuchokera ku London, ndiye akufunsa ngati angawatume Blu-ray (zimbale za chithunzi chooneka bwino kuposa DVD) ya Dragon Ball Z yolembedwa "remastered", kutanthauza kuti chithunzi chinakonzedwanso, ya bokosi lodula lokhala ndi kabuku ndi zoonjezera. Achimwene, mwanditokosa pachilonda.

Ine katuni imeneyi ndinaidziwira ku Matero, m'kanyumba ka malata koonetsera mavidiyo, titathithikana pabenchi, thukuta lili kamukamu. Chithunzi chinali chachimbuuzi koma chinali chathunthu. Nditayamba ntchito ndinatapa pa malipiro anga oyamba n'kugula zimbale kwa munthu wina m'tauni, pachikuto palembedwa mawu omwewo. Kufika kunyumba, tsitsi la Goku, ngwazi ya katuniyi, ladulidwa pamwamba, zibwano za anthu zamira pansi. Ndinachezera kudina rimoti poganiza kuti vuto ndi TV. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa ndinkafuna kuonetsa mng'ono wanga chimene chinatilera.

Dragon Ball Z inaulutsidwa ku Japan kuyambira 1989 mpaka 1996, zigawo 291. Ankajambula pamanja, kupenta pa timapepala ta pulasitiki toonekera totchedwa cel, kenako kutola pa filimu ya 16mm, m'maonekedwe a 4:3 a TV zakale zija. Ma DVD amene anatuluka ku America mu 2007 anaidula kumwamba ndi kumunsi kuti idzaze TV yotambalala ya 16:9. Kumeneko n'kudula mwendo kuti ulowe mu nsapato. Chinanso ndi DNR, njira yopukuta timadontho tonga mchenga tooneka pa filimu. Akapukuta mopyola, timizere ta wojambula timafufutika limodzi, nkhope n'kusalala ngati kandulo. Ndikunena mosapsatira: mchengawo si litsiro, ndi filimuyo. Amene amauchotsa wonse salemekeza manja amene anapenta.

N'chimodzimodzi TV za m'masitolo zimene amazitsegulira mitundu yothobwa m'maso. Mukagula yanu, yambani mwazimitsa zimenezo. Dziwaninso kuti makatuni ambiri a kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 anapangidwa pa kompyuta m'chithunzi chaching'ono, filimu palibe, choncho "remaster" yake kawirikawiri ndi kungofutukula.

Nanga zoonjezera?

Zambiri ndi zodzazira: nyimbo yotsegulira yopanda zilembo, timalonda ta makanema ena. Zimene ine ndingalipirire ndi macheza ndi ojambula, ndi zojambula zoyambirira zoonetsa mmene chigawo chinakonzedwera. Kabuku kokongola mumakawerenga kamodzi, chithunzi mumakhala nacho zigawo 291.

Ndiye auzeni alongo anu ajambule kumbuyo kwa bokosi akutumizireni pa WhatsApp. Pakalembedwa 4:3 gulani, ngakhale la bokosi wamba. Pakalembedwa 16:9 lisiyeni. Zimbale zimagawidwa m'madera otchedwa Region, ndipo makina ambiri amasewera za dera lawo lokha: Blu-ray ya ku UK ndi Region B ngati kuno ku Zambia, iseweredwa popanda vuto. DVD yakumeneko ndi Region 2 pomwe ife tili mu 5, ndiye yambani mwaona ngati makina anu angaisewere.